Pamene Ulangizi Usanduka Goli

Palibe munthu amene amamera yekha ngati bowa. Mwana amafuna womugwira dzanja, mnyamata kapena mtsikana amafuna womutsina khutu, ndipo ngakhale kachenjede wodziwika amakhala ndi wina amene anamutsegula maso pachiyambi. N'chifukwa chake mlangizi amalemekezedwa kulikonse, ndipo wachinyamata wokana malangizo amayesedwa wamwano. Koma ulemu womwewu ndi umene umatsegulira khomo anthu a mtima wina. Munthu wofuna kulamulira mnzake kawirikawiri sabwera atanyamula chingwe poyera. Iye amabwera ndi uphungu, ndi chifundo, ndi mawu okoma akuti waona mwa mnzakeyo luso limene ena onse sanalione. Tsono popeza mlangizi woona ndi mlangizi wonyenga onse amadzudzula, onse amafuna kumveredwa, ndipo onse amati akufunira wophunzira zabwino, kodi wophunzirayo angawasiyanitse bwanji madzi asanafike m'khosi?

Alembi a ku Russia a m'zaka za m'ma 1800 analisinkhasinkha kwambiri funso limeneli, makamaka Fyodor Dostoevsky, amene anabadwa m'chaka cha 1821 n'kumwalira mu 1881. Dziko lawo pa nthawiyo linali ndi achinyamata ambiri ophunzira amene anataya chikhulupiriro mwa makolo awo, mwa mpingo ndi mwa boma la mfumu, ndipo anali kusakasaka munthu wowauza chochita ndi moyo wawo. Pamene pagwa njala yotere, ogulitsa chakudya chovunda sasowa.

Dostoevsky anayamba kuilemba nkhaniyi moseka. M'buku lake la mu 1859, lonena za mudzi wa Stepanchikovo ndi anthu ake, muli munthu wotchedwa Foma Fomich Opiskin. Foma anali mlembi wolephera amene, pofuna chakudya ndi pogona, anakhala m'nyumba mwa mkulu wina wa asilikali monga womuwerengera mabuku ndi womuseketsa, mpaka kumatsanzira nyama zosiyanasiyana bwanayo akafuna. Mkuluyo atamwalira, mkazi wake wamasiye anasamukira kwa mwana wake, Yegor Rostanev, msilikali wopuma pantchito, munthu wamphamvu ngati njati koma wa mtima wofewa ngati wa mwana. Foma anatsagana naye mayiyo, ndipo atangofika anadziika kukhala mlangizi wa makhalidwe wa mwini nyumba.

Foma sanamenye munthu ndipo analibe udindo uliwonse m'nyumbamo. Chida chake chinali chikumbumtima cha Rostanev. Tsiku ndi tsiku ankamuuza kuti ndi wodzikonda, wosayamika, wosautsa mayi ake, ndi kuti kabwino kalikonse kamene kanali mwa iye anakayatsa ndi Foma. Rostanev, poti anali munthu wofulumira kudziimba mlandu, anakhulupirira. Atakhulupirira, malamulo anayamba kugwa ngati mvula. Iye anameta ndevu zake za m'masaya chifukwa Foma anati zinkamuonetsa ngati Mfalansa. Wantchito wokalamba, Gavrila, anakakamizidwa kuloweza mawu a Chifalansa. Mnyamata wina wantchito, Falaley, anasautsidwa chifukwa cholota ng'ombe yoyera usiku ndi usiku, poti Foma anati loto lotero ndi lachimidzi. Potsiriza mwini nyumba anauzidwa kuti kwa tsiku lathunthu azimutchula Foma ndi mawu aulemu oyenera mkulu wa asilikali. Foma akatsutsidwa pang'ono ankaopseza kuti achoka, ndipo nyumba yonse inkalira n'kumupepesa.

Malamulo amenewa ndi oseketsa, koma ali ndi chinthu chimodzi chofanana: palibe ngakhale limodzi limene linasiya kanthu m'manja mwa wolimvera. Mmisiri akauza wophunzira wake kuti aphwasule mpando ndi kuukhomanso kachitatu, wophunzirayo amanyinyirika, koma pomaliza dzanja lake limakhala litadziwa kukhoma mpando. Gavrila sanapindule kanthu ndi Chifalansa, ndipo Rostanev sanakhale munthu wabwinopo chifukwa chometa. Ntchito ya malamulowo inali kuyesa ngati goli likadali pakhosi. Ndiponso mlandu wa Rostanev sunali wotha. Akapepesa lero, mawa pankatuluka wina, chifukwa mlanduwo ukanatha, ufumu wa Foma ukanathera pomwepo.

Kumapeto kwa bukuli Foma ananyoza poyera Nastenka, mtsikana amene Rostanev ankamukonda, ndipo msilikali uja anamunyamula n'kumuponya kunja mvula yamkuntho ili pafupi kugwa. Wowerenga amaganiza kuti basi zatha. Koma sipanapite nthawi, Foma anabwezedwa m'nyumba atanyowa, ndipo ataona kumene mphepo inkalowera anadalitsa ukwati umene iye yemwe ankautsekereza. Anthu onse anamuthokoza ngati mpulumutsi, ndipo anakhala nawo zaka zina zisanu ndi ziwiri mpaka imfa yake. Apa mlembiyo anaona chinthu chimene anthu ambiri safuna kuvomereza, chakuti wozunzidwa motere amafika pomusowa womuzunza, ndipo mlendo akabwera kudzamuchenjeza, iye ndiye amayamba kumuikira kumbuyo.

Dostoevsky sanazimve kwa ena zinthu zimenezi. Ali mnyamata analowa m'gulu la anthu okambirana za ndale limene linkasonkhana kwa Mikhail Petrashevsky mu mzinda wa St Petersburg. M'gulumo munali Nikolay Speshnev, mwana wa banja lolemera, wofatsa, wosayankhulayankhula, amene anakokera anzake angapo m'kagulu kena kachinsinsi kofuna kukhala ndi makina osindikizira mobisa. Speshnev anabwereka Dostoevsky ndalama zokwana ma ruble 500. Dokotala wake, Stepan Yanovsky, anadzalemba pambuyo pake kuti mlembiyo anasintha nkhope masiku amenewo, ndipo anamuuza kuti ndalamazo sadzatha kuzibweza, kuti mwini wake sadzalolanso kuzilandira, ndi kuti chifukwa cha ichi iye tsopano anali m'manja mwa Speshnev. Mphatso imene mwini wake akukana kuti ibwezedwe ikhoza kuchokera mu mtima wabwino, komanso ikhoza kukhala chingwe cholimba kuposa ngongole ya katapila. Mu 1849 gululo linagwidwa. Dostoevsky anatengeredwa pabwalo kuti akaomberedwe, chilangocho chinasinthidwa pa mphindi yomaliza, ndipo anakhala zaka zinayi m'ndende ya ku Omsk, ku Siberia.

Patapita zaka 20, ali ku Dresden m'dziko la Germany, anawerenga m'nyuzipepala nkhani imene inamukumbutsa unyamata wake. Sergey Nechayev, mnyamata wa zaka 22, anali atapita ku Geneva kumene ananamiza Mikhail Bakunin, munthu wachikulire wodziwika pa zoukira maboma, kuti iye anathawa m'ndende ndi kuti ankaimira gulu lalikulu lachinsinsi ku Russia. Bakunin anakopeka n'kumupatsa chikalata chomutsimikizira kuti ndi nthumwi ya bungwe la oukira a dziko lonse lapansi, bungwe limene kwenikweni linali papepala pokha. Nechayev anabwerera ku Moscow ndi chikalatacho n'kuyamba kusonkhanitsa ophunzira m'timagulu ta anthu asanuasanu. Ankawauza kuti malamulo onse ankachokera ku komiti yaikulu yosaoneka, ndi kuti komitiyo siifunsidwa mafunso. Wophunzira wina wa pa sukulu ya ukachenjede ya zaulimi, Ivan Ivanov, anayamba kukayika ndi kutsutsa malamulo ena. Pa 21 Novembala 1869, malinga ndi kalendala imene inkagwira ntchito ku Russia pa nthawiyo, Nechayev ndi anzake anayi anamuitanira ku phanga la m'nkhalango ya sukuluyo ponamizira kukafukula makina osindikizira. Kumeneko anamupha n'kuponya mtembo wake m'dziwe. Nechayev anathawira kunja kwa dziko, n'kusiya anzake aja akugwidwa ndi kuzengedwa mlandu mu 1871. Iye anadzagwidwa ku Zurich mu 1872, ndipo anafera m'ndende ku St Petersburg mu 1882. Ngakhale m'ndendemo anakopa asilikali omulondera mpaka iwo kumamunyamulira makalata.

Kuchokera pa nkhani imeneyi Dostoevsky analemba buku lotchedwa Besy, mawu a Chirasha otanthauza ziwanda, limene linatuluka m'zigawo mu 1871 ndi 1872. M'Chingerezi limadziwika ndi dzina loti Demons kapena The Possessed. Chodabwitsa n'chakuti bukuli siliyamba ndi wakupha. Liyamba ndi mphunzitsi wokalamba wokoma mtima, Stepan Verkhovensky, amene analembedwa ntchito yolera ndi kuphunzitsa kamnyamata kotchedwa Nikolay Stavrogin. Mphunzitsiyu ankakonda mwanayo, koma ankamudzutsa pakati pa usiku kuti amulirire madandaulo ake ndi kumuululira zinsinsi za m'nyumba, pamene mwana wake womubereka, Pyotr, anamutumiza kutali kuti akaleredwe ndi achibale. Kunena zoona, Stepan sanali munthu woipa. Koma pamene wamkulu asandutsa mwana kukhala womutonthoza, ndiye kuti maudindo atembenuka, ndipo wophunzira wayamba kusenza katundu wa mphunzitsi.

Stavrogin atakula anasanduka mlangizi wa anzake awiri, ndipo zimene anawachita n'zozizwitsa. Pa nthawi imodzimodziyo anaphunzitsa Shatov kuti chipulumutso chili mwa Mulungu ndi mwa mtundu wa Arasha, uku akudzala mwa Kirillov maganizo amene anamufikitsa pokhulupirira kuti kulibe Mulungu ndi kuti munthu angaonetse ufulu wake podzipha. Iye mwini sanakhazikike pa chiphunzitso chilichonse mwa ziwirizi. Anzakewo anapereka moyo wawo wonse ku mawu amene mwini wake anangowayesa ngati malaya a pamsika. Apa pali poyesera mlangizi: kodi iye walipirapo chiyani pa zimene amaphunzitsa?

Pyotr, mwana wotayidwa uja, ndiye Nechayev wa m'bukuli. Iye anasonkhanitsa anthu asanu m'tauni ina ya kuchigawo n'kuwauza kuti iwo ndi kagulu kamodzi mwa timagulu tambirimbiri tofalikira m'dziko lonse. Palibe amene akanatha kutsimikiza, popeza chinsinsi chomwecho chimene chinkawapatsa ulemerero chinkawaletsanso kufunsa wina aliyense wakunja. Pyotr ankadziwa chofooka cha aliyense, ndipo ankauza mmodzi zoipa za mnzake kuti onse azikayikirana n'kumadalira iye yekha. Pamene anaona kuti ayamba kumasuka, anatsata nzeru imene Stavrogin anatchula monyoza, yakuti anthu anayi akapha wachisanu pomuganizira kuti ndi kazitape, magaziwo adzawamanga pamodzi moyo wawo wonse. Wosankhidwa anali Shatov, amene ankangofuna kupereka makina osindikizira amene anasunga kuti atuluke m'gulumo mwamtendere. Masiku omwewo mkazi wake anali atabwerera kwa iye patapita zaka zitatu, n'kuchira mwana m'chipinda mwake. Shatov anapita ku nkhalango kuja ali wosangalala kuposa kale lonse, akuganiza kuti akukamaliza moyo wakale.

Pa usiku umenewo pali anthu awiri oyenera kuwayang'anitsitsa. Woyamba ndi Shigalyov, munthu wa maganizo oopsa ndithu, amene atafika pamalopo ananena kuti kupha kumeneku sikukugwirizana ndi zimene iye amakhulupirira, ndipo anatembenuka n'kumapita. Pyotr anamuopseza ndi mfuti, koma sanaombe. Khomo linali lotsegula nthawi yonseyi, ndipo amene analiona ndi yekhayo amene anali asanaleke kuganiza ndi mutu wake. Wachiwiri ndi Erkel, msilikali wamng'ono wa nkhope yaubwana, amene ankatumiza theka la malipiro ake ochepa kwa mayi ake odwala. Erkel ndiye anapita kukamutenga Shatov kunyumba, ndipo anachita zimenezi mopanda chidani. Iye ankafunitsitsa kutumikira chinthu chachikulu, ndipo m'maganizo mwake chinthu chachikulucho ndi Pyotr zinali zitasanduka chimodzi. Zonse zitatha anaperekeza mtsogoleri wake ku siteshoni ya sitima. Kumeneko Pyotr anakumana ndi mnyamata wina wa banja lapamwamba amene anamuitanira ku chipinda cha anthu olemera kuti akasewere makadi. Anatsanzikana ndi Erkel mothamanga, ndipo mnyamatayo anabwerera kwawo mtima uli wolemera, osadziwa bwinobwino chimene chamupweteka. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi, koma iyi inagulitsidwa isakudziwa n'komwe kuti inali pamsika.

Wina akhoza kunena kuti yankho ndi lapafupi: wachinyamata asamvere munthu aliyense kotheratu. Dostoevsky sanaganize choncho, ndipo apa m'pamene nkhaniyi imavutira. Mu 1878, mwana wake wamwamuna wa zaka zitatu atamwalira, iye anapita ku nyumba ya amonke ya Optina kukaonana ndi mkulu wauzimu wotchedwa Amvrosy. M'buku lake lomaliza, lonena za abale a kwa Karamazov, limene linatuluka mu 1879 ndi 1880, anajambula mkulu wotere dzina lake Zosima, ndi wophunzira wake Alyosha. Mwambo wa akulu auzimu amenewa unkafuna kuti wophunzira apereke chifuniro chake chonse kwa mkuluyo, kumvera kumene ngakhale Pyotr sakanafuna koposa pamenepo. Wofotokoza nkhani m'bukumo amavomereza yekha kuti mwambowu ndi mpeni wakuthwa konsekonse, wotha kubala kudzichepetsa komanso wotha kubala kunyada kwa usatana.

Tsono kusiyana kuli pati? Zosima ankadziwa kuti Alyosha ankafuna kukhala pambali pake mpaka imfa, ndipo nkhalamba yodwala ikanakondwa kusamalidwa ndi mnyamata woikonda chotero. Koma iye ankamutuma kunja, kwa bambo ake ndi kwa abale ake amene anali pa mkangano woopsa, ndipo anamulamula kuti iye akadzamwalira atuluke m'nyumba ya amonke, akakhale pakati pa anthu ndi kukwatira. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Pyotr ankadula zingwe zonse zomangirira otsatira ake kwa anthu ena kuti chitsale chake chokha, pamene Zosima anagwiritsa ntchito mphamvu yake kubwezera mnyamatayo kwa anthu ake ndi kukonzekera tsiku limene iye mwini sadzafunikanso. Kuuma kwa malamulo sikusiyanitsa alangizi awiriwa. Chowasiyanitsa ndi kumene malamulowo akumutengera womvera, ndipo zimenezi zimaoneka pang'onopang'ono, poyang'ana ngati abale ndi abwenzi a wophunzirayo akuchuluka kapena akutha, ndiponso poona nkhope ya mlangizi tsiku limene wophunzira wanena kuti ayi.

Komabe kungakhale kudzinyenga kuganiza kuti khalidweli ndi la anthu oopsa okha ngati Nechayev. M'buku lomweli muli mwana wa sukulu wa zaka 13, Kolya Krasotkin, wanzeru, wolimba mtima ndi wokondedwa ndi anzake. Kolya anaona kamnyamata kosauka, Ilyusha, kakuzunzidwa ndi anzake, ndipo anakateteza. Ilyusha anamukonda ndi mtima wonse. Kolya anaganiza zomuumba kuti akhale mwamuna, ndipo njira yake inali yakuti mwanayo akamuonetsa chikondi, iye ankamuyankha mozizira mwadala. Tsiku lina Ilyusha, atanamizidwa ndi wantchito wa kwa Karamazov wotchedwa Smerdyakov, anaponyera galu wanjala dzina lake Zhuchka chidutswa cha buledi chokhala ndi phini m'kati. Galuyo anathawa akulira, ndipo mwanayo anasweka mtima. Anakaulula kwa Kolya akunjenjemera. Kolya anamumvera chisoni mu mtima, koma anaona mpata wopereka phunziro, choncho anamuuza kuti sayankhula nayenso. Ankafuna kumulanga masiku ochepa chabe. Koma masiku omwewo bambo a Ilyusha anachititsidwa manyazi pamsewu, anzake a kusukulu anamuseka, ndipo mwanayo, atasowa womuimira, anabaya Kolya ndi kampeni pantchafu. Posakhalitsa anagona ndi chifuwa chachikulu, akukhulupirira kuti Mulungu akumulanga chifukwa chopha galu.

Galu uja sanafe. Kolya anamupeza, anamutcha dzina lina loti Perezvon, n'kumubisa kunyumba kwawo kwa milungu ingapo akumuphunzitsa kuimirira ndi miyendo iwiri ndi kunamizira kufa. Anzake onse ankapita kukazonda wodwalayo, Alyosha anatuma uthenga kawiri womupempha kuti abwere, koma iye anakana, chifukwa ankafuna kudzafika pa nthawi yake, galu atamaliza maphunziro, kuti onse adzazizwe. Mawu amodzi okha akanachotsa katundu pa mtima wa mwana amene anali kufa, ndipo Kolya anawasunga mawuwo mpaka chionetsero chake chitakonzeka. Iye sankafuna ndalama kapena ulamuliro wa dziko. Ankamukondadi Ilyusha, koma ankakondanso kudziona yekha ali mpulumutsi, ndipo zinthu ziwirizi zinali zitalukana kotero kuti iye mwini sakanatha kuzilekanitsa.

Tsiku limene anafika, anayamba wauza wodwalayo kuti Zhuchka anatayika ndithu, kenaka n'kuimba likhweru. Galu analowa akuthamanga. Ilyusha anadzuka pabedi milomo ikunjenjemera, nkhope itayera ngati nsalu, n'kuzindikira diso lakhungu ndi khutu long'ambika. M'chipindamo anthu anasangalala, ndipo Alyosha yekha ndi amene anaona kuti kudzidzimuka kotero kunali koopsa kwa mwana wofooka chotero. Dokotala atabwera n'kutuluka wopanda mawu olimbikitsa, Ilyusha anakumbatira bambo ake ndi Kolya pamodzi. Kolya anathawira m'khonde n'kuyamba kulira. Alyosha atamupeza kumeneko, mnyamatayo anati akudzitemberera chifukwa chosabwera msanga, ndipo analonjeza kubweranso madzulo a tsiku lomwelo pamodzi ndi galuyo.